Zikhomo Zofiira ku Misuku

Pakati pa komboni ya Kapata ndi msewu wopita kuchipatala panali malo aakulu opanda nyumba. Azungu anawasiya dala nthawi imene tauni ya Chipata inkatchedwa Fort Jameson, ati pakhale paki, anthu azipitidwapo mphepo. Pakiyo palibe anaiona. Chimene chinalipo ndi dambo, kamtsinje kouma m'chilimwe, ndi kachitunda ka mitengo ya misuku pakati pake, n'chifukwa chake aliyense ankangoti ku Misuku. Njira yakale inkachoka ku Kapata molunjika bwinobwino, koma ikayandikira mitengoyo inkakhota, n'kutsikira m'matope, n'kuzungulira kutali, kenako n'kukakwera kutsidya. M'dzinja munthu ankafika kuchipatala ali ndi matenda awiri, amene wachoka nawo kunyumba ndi amene watola m'dambomo.

A Getrude Shawa anadandaula za njirayi kwa zaka zambiri. Anali mphunzitsi wopuma, mkazi wamasiye wa a Stanley Shawa amene anali kalaliki ku boma, komanso mmodzi wa akuluakulu a Chigwirizano cha amayi kumpingo. Sankakonda nkhani yoyamba ndi moni wautali. Khansala aliyense wosankhidwa ku Kapata ankadziwa kuti asanatenthetse mpando, aphunzitsi afika ndi ambulera yawo kudzafunsa za njira. Anaonapo mayi woyembekezera akugwa panjinga n'kukhala m'matope, anaonanso ana a sukulu atanyamula nsapato m'manja ngati nsomba. Kwa iwo nkhaniyi inali yosavuta: thirani miyala, anthu azidutsa.

M'chaka cha 1996 yankho linatulukira m'banja mwawo momwe. Mwana wawo Clement, amene anaphunzira zokonza mizinda ku Kitwe, anali atayamba ntchito ku khonsolo, ndipo ndiye anapatsidwa kuti ajambule njirayo. Pamsonkhano wa anthu a ku Kapata, umene unachitikira m'kalasi, anapachika mapu pabolodi n'kufotokoza. Idzakhala njira ya oyenda pansi ndi apanjinga, yokwezedwa, yothira miyala, ya mipando ya simenti apa ndi apo, ndipo galimoto sizidzaloledwa. Ndi rula anasonyeza mzere wowongoka ngati mtengo wa mbendera. Abambo anaomba m'manja. Wina anafunsa ngati ngolo ya ng'ombe ndi galimoto, wina anafunsa ngati oledzera adzaloledwa kugona pamipandoyo, anthu n'kuseka. Amayi kumbuyo anali chete, koma pamisonkhano yotere amayi amakhala chete kale. A Getrude sanaombe m'manja, poti mayi satamanda mwana wake pagulu, koma anakonza duku lawo kangapo popanda chifukwa. Papepalapo misuku inali timadontho tobiriwira, ndipo iwo sanaganize kanthu.

Zikhomo zinakhomedwa mu Okutobala kuti katapila, chigalimoto chosalaza misewu, agwire ntchito mvula isanagwe. A Getrude anatenga ambulera n'kupita kukaona ntchito ya mwana wawo ndi maso awo. Zinali zikhomo zathabwa, zopaka penti yofiira kumutu. Anazitsata mokondwa kuchokera kumapeto kwa nyumba, akuganiza kale mmene adzauzire amayi a Chigwirizano Lachinayi. Atafika pokhotera njira yakale, miyendo yawo inakhota yokha monga mwa masiku onse, koma zikhomo sizinakhote. Zinakwera kachitundako n'kulowa pakati pa misuku.

Anaima kanthawi. Kenako analowa.

Clement asanabadwe panali wina. Anabadwa osalira, ndipo mwana wotere, amene amati nthayo, si maliro a mudzi. Palibe bokosi, palibe nyimbo, palibe kulira mokweza, ndipo mwamuna safikako ngakhale kufunsa. Amayi okhaokha amamukulunga m'kansalu n'kukamuika pamalo a chinyontho, m'dzenje losazama, chifukwa amati ukakumba lakuya watseka mimba ya mayi wake. Ndi mmene zinachitikira. A Stanley anangouzidwa kuti zalephereka, iwo n'kugwetsa nkhope, basi. A Getrude atapeza mphamvu, mzamba wa nthawi imeneyo, mayi Elesi, anawatenga ngati akupita kotola nkhuni. Atafika ku Misuku analoza ndi milomo pakati pa msuku wamphanda ndi chulu, osanena liwu, n'kubwerera. Panapita zaka pafupifupi makumi anayi. Nthawi iliyonse podutsa njira yakale a Getrude ankaponya maso kumeneko kamodzi, n'kupitiriza ulendo.

Tsopano chikhomo chofiira chinali chitaima pambali penipeni pa malowo. Katapila ali ndi chitsulo chachikulu kutsogolo, ndipo dzenjelo linali losazama.

Ankadziwa kuti kale amayi ena ankabweranso kuno. Koma mayi Elesi anamwalira, anzawo a nthawi imeneyo ena anamwalira, ena anabwerera kumidzi, ndipo masiku ano zonse zimathera kuchipatala. A Getrude anaganiza kuti wotsala ndi iwo okha.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anapita kwa Clement atanyamula mtedza wa mdzukulu wawo Chikhulupiriro. Nkhaniyo anaiyamba chammbali, zimene sanazolowere, ndipo anaiyamba moipa. Anati dothi la pachitundapo n'lofewa. Clement anati wayendapo yekha, ndipo m'dambo monsemo ndi pokhapo polimba. Anati mitengo ija ndi yakale, si bwino kuidula. Clement anati iwiri yokha ndi imene idzagwe, ina yonse idzapereka mthunzi kwa odutsa. Anati nanga njoka? Apo Clement anaseka mpaka kuika kapu yake pansi. Ana onse a ku Kapata anakula akuuzidwa ndi amayi awo kuti ku Misuku kuli njoka yaikulu, asakayerekeze kukatolako masuku.

"Amama, njoka ija munkatiopseza nayo ndaifunafuna mwezi wonse. Mwina inapuma pantchito ngati inu."

"Ndangoti muione bwino njirayo, atate a Chikhu."

"Ndinu nomwe munatha nsapato popita ku khonsolo. Lero njira yabwera mukuti ikhote? Ndipatseni chifukwa chimodzi chomveka, mawa lomwe ndikazula zikhomo."

Ananena mwachikondi, ndipo ankatanthauzadi. A Getrude anatsegula pakamwa. Iwo amene ankadzudzula abusa pamaso akatalikitsa ulaliki, iwo amene ankaphunzitsa atsikana kuti zikhulupiriro zina zamakolo n'zongoopsezana, anapeza kuti lilime lakana. Nkhani imeneyi siuzidwa mwamuna. Mwamuna wawo weniweni anapita kumanda osawadziwa malowo. Ndiye auze mwana wamwamuna, wotuluka m'mimba yomweyo? Kunali ngati kuvula pamaso pake. Anapempha madzi akumwa, n'kufunsa ngati Chikhu wayamba kuwerenga.

M'mawa mwake, anthu asanachuluke m'njira, mphunzitsi wopuma uja anachita chimene akanakwapulira mwana wa sukulu. Anapita ku Misuku, n'kugwedeza chikhomo chija mpaka chinazuka, n'kuchisunthira cha kumadzulo, n'kuchikhomera ndi mwala. Anasunthanso china chotsatira kuti zisaoneke. Anabwerera kunyumba, ndipo anadya bwino tsiku limenelo.

Atapitanso kukaona anapeza chikhomocho chabwerera, ndipo ulendo uno chinali pafupi kuposa poyamba. Anaganiza kuti ndi anthu a khonsolo. Anachisunthanso. Clement atabwera kudzawaona anadandaula kuti osaka mbewa akumuonongera ntchito: m'mawa uliwonse zikhomo zili pena, mzere wake wasanduka njira ya bongololo, ndipo watopa n'kuwongola. A Getrude anavomereza kuti anthu a masiku ano alibe mwambo, maso ali pa nyemba zimene ankasankha.

Ulendo wotsatira anapeza munthu atawerama pachikhomo chawo, akuchikoka ndi manja awiri. Anamuzindikira ndi mpango wakuda wofunda kumutu. Anali a Zaitun, amene onse ankawatchula abiti Sale, Msilamu wa makolo ochokera ku Mangochi, wogulitsa zitenje mumsika wa Kapata zimene ankapikula kudzera pamalire a dziko pa Mwami. Awiriwa anadziwana kwa zaka zambiri, ndipo ubwenzi wawo wonse unali kukangana ngati chitenje chakutichakuti chimasuluka kapena ayi.

"Abiti Sale, kodi khonsolo yakulembani ntchito?"

A Zaitun anaweramuka pang'onopang'ono, chikhomo chili m'manja, n'kuyang'ana dzanja la anzawo.

"Ndimati ndifunse inu, aphunzitsi. Mwala uwo ndi wolembera pabolodi?"

"Mukupita nacho kuti chimenecho?"

"Apo, pafupi ndi chulu."

"Apo ayi."

"Nanga inu mumachibweretseranji kuno? Ndimati ndi mwana wanu wamapepala uja. Kuno ayi, mayi."

Nyenje zinali zitayamba kulira m'mitengo. A Getrude anayang'ana pamene anzawo anaima, pa kadothi kopanda chizindikiro chilichonse, masamba ouma okhaokha, ndipo anaona mmene a Zaitun anaikira mapazi, motalikirana pang'ono, ngati munthu woopa kuponda kanthu. Mwala uja unagwa wokha m'manja mwawo.

A Zaitun ndiwo anayamba kulankhula, motsitsa mawu. Anati awo ndi awiri, wina pomwepo, wina patsinde la mtengo wopsa uko. Kwa iwo mwana amene walira amatengedwa ndi amuna kupita kumanda monga mwa chipembedzo, koma awa anapita padera asanafike patali, ndipo azakhali awo anawabweretsa kuno monga ankachitira amayi onse. A Getrude anangoti wawo ndi mmodzi, woyamba. Aka kanali koyamba kutchula zimenezi ndi pakamwa chichokereni mayi Elesi, ndipo anadabwa kuti thambo silinagwe.

Kenako anayang'ana mzere wonse wa zikhomo, kuchokera polowera mpaka potulukira. Panalibe ziwiri zoyang'anana. China chinapendekera kum'mawa, china chinasunthidwa kutali ndithu, china chinakhomedwa mozondoka, penti pansi. Kutsogolo uko, kumene awiriwa sanafikeko n'komwe, zinali chimodzimodzi.

"Izi si ife tokha," anatero a Getrude.

Anakhala pansi panja pa mitengoyo kuti aganize. Kusuntha zikhomo kunalibenso nzeru, poti kulikonse kumene ungasunthire, ukusunthira pa mnzako. A Zaitun anati mwina auze akazi a shehe, iwo auze amuna awo, amuna awowo auze khansala mwaulemu. A Getrude anakana. Nkhani ikadutsa pakamwa patatu yafika kale kumowa, ndipo mawa lake amuna adzabwera ndi makasu kudzatsimikiza. Sankafunanso zikwangwani kapena nyimbo zonyoza khonsolo, chifukwa mwana wawo sanalakwe kanthu, anangowongola chimene chinali chokhota.

"Mwambo unatitseka pakamwa," anatero potsiriza, "koma sunatimange miyendo. Tsiku la katapila ine ndidzaima panga. Inu mudzaime panu."

"Ine ndili ndi pawiri, aphunzitsi. Mundibwereka mwendo?"

"Mudzaona chochita. Ndinu wamalonda."

Uthenga unayenda mmene umayendera uthenga wa amayi, wopanda pepala. Unali waufupi: tsiku la katapila, amene ali ndi pake ku Misuku akaime pake. A Getrude anaunong'oneza amayi awiri atatuluka m'Chigwirizano, a Zaitun anaupinda pamodzi ndi zitenje mumsika. Unafika kumpopi, kuchigayo, ndi kusikelo ya ana. Palibe anafunsa kuti wayambitsa ndani, ndipo palibe anayankha kuti adzabwera. Wouzidwa ankangoyang'ana kumbali n'kuyamba nkhani ya mvula. A Getrude anaganiza kuti mwina adzakhala ochepa okwana pamphasa imodzi, ndipo katapila adzangowazungulira, iwo n'kutsala ndi manyazi pamaso pa mwana wawo.

Tsikulo linafika. Anavala chitenje chakale, n'kusiya ambulera kunyumba. Phiri la Kanjala linali litaphimbidwa ndi utsi wa m'chilimwe, ndipo dzuwa linatuluka lofiira ngati mbale yamkuwa. Ku Misuku anapeza a Zaitun atafika kale. Anali ataima pamalo amodzi, ndipo pamalo ena aja, patsinde lopsa, anali atayalapo chitenje chatsopano n'kuchitsendereza ndi miyala. Sanapatsane moni. A Getrude anapita pakati pa msuku wamphanda ndi chulu, n'kuima.

Poyamba anamva masamba okha akuphwanyika. Mayi wina wogulitsa tomato anadutsa kumbuyo kwawo, n'kukaima cha kumtunda. Kenako awiri, kenako gulu lochokera ku Kapata, limene litafika pamitengo linabalalika lokha popanda wolamula, aliyense kulunjika kwake ngati nkhuku zolowa m'khola. Panalibe wofunafuna. Panalibe chizindikiro pansi, koma mayi aliyense ankayenda molunjika, n'kukhota pamtengo wakutiwakuti, n'kuima, n'kugwetsa maso.

A Getrude anayamba kuzindikira nkhope. Uyo ndi mayi busa, amene akhala nawo benchi imodzi zaka zonsezi. Uyo ndi nesi wamkulu, wabwera ndi yunifolomu yake yoyera, wachoka kuchipatala komweko. Awo ndi amayi a kumayadi, a nsapato zazitali, atsika m'galimoto kumsewu n'kuyenda pansi m'fumbi. Mayi Dolika, ophika kachasu, amene Chigwirizano chinawayendera kangapo osaphula kanthu, anaima moyandikana ndi mkazi wa mkulu wa mpingo, mapewa atatsala pang'ono kukhudzana. Kunafika amayi a mipango yakuda ndi yoyera, anzawo a abiti Sale. Kunafika ena amene a Getrude ankayesa kuti anamwalira kalekale, atakwera lole ya mtedza kuchokera ku Chipangali, fumbi lili mbuu m'nsidze. Wina anachokera kutsidya kwa Mwami. Nkhalamba ina yosaona inabwera itagwira phewa la mwana wake wamkazi; itafika inapapasa makungwa a mtengo umodzi, n'kukana, n'kupapasa wina, n'kuvomera, n'kutembenuka, n'kuima. Mwana wakeyo anaisiya pamenepo n'kupita kukaima pake.

Ndipo sanali okalamba okha. Kumapeto, kumene misuku imathera mu udzu, kunaima atsikana okwatiwa chaposachedwa, ana amene a Getrude anawaphunzitsa okha kuwerenga. Mmodzi anali ndi mabere odzaza mkaka mpaka kunyowetsa bulauzi, ndipo dothi la pamapazi pake linali lisanamere kanthu. Chinthu chimene iwo ankayesa kuti chinatha ndi mayi Elesi sichinathe ayi. Chinkangopitirira mwakachetechete, chaka ndi chaka, pambali pa njira imene iwo ankadutsa akudandaula za matope.

Amene anali ndi malo oposa amodzi anachita ngati a Zaitun. Wina anasiya duku, wina nsapato, wina dengu. Mayi wina wamng'ono thupi anayenda uku ndi uku akusiya nsapato imodzi apa, ina apo, duku kwina, mpango wa m'chiuno kwinanso, n'kukaima pomaliza wopanda kanthu kumutu ndi kumapazi. Palibe anamuyang'ana kawiri.

Kachitunda konse kanadzaza. Sanaunjikane ngati pamsonkhano, sanandandalike ngati pamaliro. Anaima motalikirana, aliyense payekha, ngati chimanga chomera m'munda wosalima mizere, kuyambira pachulu mpaka kutsikira kumene a Getrude sankadziwa n'komwe kuti nakonso ndi komweko. Panalibe kutsokomola. Masuku oyamba kupsa ankagwa apa ndi apo, ndipo kugwa kwa limodzi kunkamveka chitunda chonse. A Getrude anakhala m'tauni imeneyi moyo wawo wonse, ankadziwa mayina a mabanja, ana awo ndi magiredi awo, ndipo ankayesa kuti Chipata amaidziwa. Apa anaona kuti pansi pa tauni ya amoyo panali ina, ya ana opanda mayina, ndipo mayi aliyense ankayenda mumsika, m'tchalitchi, mumzikiti, atanyamula kachigawo kake ka tauniyo mumtima, akuyesa kuti ali yekha.

Katapila anamveka ali kutali. Anabwera akufuka utsi kuchokera ku Kapata, ana akumuthamangira, ndipo kutsogolo kwake kunkayenda Clement atavala chipewa, mapu atapindidwa m'khwapa. Pofika pokhotera njira yakale woyendetsa, bambo Matiyasi, anaimitsa, poti kutsogolo kunali anthu. Clement anapitirira yekha mofulumira, nkhope itakwiya. Ankayembekeza kupeza wotsogolera woti akangane naye, kapena chikwangwani choti awerenge. Sanapeze chilichonse. Anafunsa mayi woyamba kuti kwachitika chiyani, mayiyo sanadzutse mutu. Anafunsa wachiwiri, chimodzimodzi. Kenako anaona amayi ake.

"Amama, n'chiyani ichi?"

Anayamba kulowa pakati pa mitengo. Apo a Getrude analankhula, osakweza mawu, koma m'chete ameneyo anamveka ponseponse.

"Imani pomwepo, bambo. Kuno amuna safika."

Clement anaima, phazi limodzi lili m'mwamba, n'kulibweza. A Getrude anabwezera maso pansi, koma ankamuona chammbali. Anamuona akuyang'ana mayi mmodzimmodzi, mmene aliyense anaimira payekha, mmene aliyense ankayang'anira dothi la patsogolo pa mapazi ake. Anayang'ana chitenje choyalidwa patsinde, nsapato zosiyidwa, duku lopanda mutu. Anayang'ana mtsikana wa bulauzi yonyowa uja, n'kuchotsa maso msanga. Clement anali mwana wobadwira konkuno, ndipo ngakhale mwamuna sauzidwa, amakula akumva mphepo ya zinthu. Zinamutengera nthawi. Kenako maso ake anabwerera kwa amayi ake, n'kutsikira pamapazi awo, n'kukhala pamenepo. Iye moyo wake wonse ankadziwa kuti ndiye woyamba kubadwa.

Anavula chipewa. Kumbuyo kwake bambo Matiyasi anazimitsa injini, ndipo ana aja anasiya phokoso popanda wowaletsa.

A Getrude ankaopa kuti afunsa. Akanafunsa, sakanadziwa choyankha pamaso pa anthu onsewa. Koma Clement sanafunse. Anangolankhula kwa onse.

"Amayi, zikhomo zanga zili m'kati umo, ndipo ine sindingalowe. Ndithandizeni."

A Getrude anawerama n'kugwira chikhomo chawo chija. Chinazuka mosavuta, poti chinali chitazolowera. Anachipereka kwa a Zaitun, a Zaitun kwa mayi busa, ndipo chinayenda dzanja ndi dzanja popanda wochoka pamalo pake mpaka chinafika kunja. Zina zonse zinatsatira. Mitu yofiira ija inkayandama pamwamba pa maduku kuchokera mbali zonse, n'kukaunjikana pamapazi pa Clement.

Atazitola anapemphanso chinthu china, ndipo apa a Getrude anaona kuti sukulu ya ku Kitwe sinapite pachabe. Anati ngati amayi angapirire dzuwa, asachoke msanga, chifukwa akachoka iye sadzadziwanso pamene malowa ayambira ndi pamene athera, ndipo sakufuna kudzafunsa munthu. Palibe anasuntha.

Clement anayamba kumene kunaima mayi wakumapeto. Anatalikira ndithu, n'kukhoma chikhomo. Anayenda mozungulira, maso ali pa amayi a m'mphepete, osayang'ana nkhope zawo koma pamene aima, n'kukhoma china. Pena mzerewo unkamukankhira m'matope enieni, mpaka nsapato zake za ku ofesi zinamira, koma sanadule njira. Anthu ochokera ku Kapata amene ankapita kuntchito anayamba kuima panjira yakale. Apanjinga anatsika. Abambo ena anafunsana monong'ona, wina wachikulire n'kuwagwedezera mutu kuti asiye, ndipo anadutsa akukankha njinga zawo, nkhope atatembenuzira kudambo. Dzuwa linakwera, thukuta linatsika m'misana, nkhalamba yosaona ija inakhala pansi pamalo pake pomwepo. Kugogoda kwa hamala kunkapita kutali, kuseri kwa chitunda, mpaka kunatsala pang'ono kuzimirira, kenako kunayamba kubwerera mbali inayo.

Atakhoma chomaliza, Clement anapita kwa bambo Matiyasi. A Getrude anamva zidutswa chabe: kuti katapila azungulire kumsewu akayambire mbali ya kuchipatala, kumene mzere sunasinthe, kuti kuno kudzafunika kamlatho ndi miyala yambiri, mwina mipando ya simenti ija iiwalike, kuti akuluakulu a ku khonsolo akawayankha yekha. Bambo Matiyasi anafunsa kuti akawauza chiyani. Clement anati akawauza kuti pachitundapo sipangadutse njira, ndipo amene akufuna chifukwa akafunse amayi ake omubala.

Katapila analira, n'kubwerera chambuyo, n'kutembenuka. A Getrude anamva dothi likunjenjemera pansi pa mapazi awo, kenako pang'ono, kenako osamvanso.

Amayi anayamba kuchoka mmene anabwerera, mmodzimmodzi, osatsanzikana. Anatola nsapato zawo, maduku ndi madengu. Nesi anayang'ana wotchi yake n'kuthamanga. A ku Chipangali anafunsa njira yachidule yopita kokwerera malole. Mtsikana uja ndiye sankasuntha, ndipo mayi Dolika, a kachasu aja, anapita kukamugwira pamkono, n'kumufunda mpango wawo pachifuwa, n'kuchoka naye pang'onopang'ono.

A Getrude anatsala pang'ono. Anayang'ana pansi, pamasamba ouma ndi nyerere zimene zinkapita kuchulu. Anafuna kunena kanthu, koma mwanayo analibe dzina lomuitanira, ndipo iwo sanali munthu wolankhula ndi dothi. Anawerama, n'kufotsera ndi dzanja kabowo kamene chikhomo chinasiya, n'kusalaza bwinobwino.

Clement anali akudikira kunja kwa zikhomo, matope mpaka m'maondo, chipewa chikadali m'manja. Amayi ake atafika, iye sanadziwe poyang'ana. Iwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Valani chipewa, atate a Chikhu, dzuwa ili. Ndipo musapite ku ofesi chonchi. Tiyeni kunyumba mukasambe miyendo."

Anatsogola, iye n'kutsatira pambuyo.